Daniel David Palmer: munthu amene anayambitsa njila yociza msana ndi manja

Ndi ocepa pakati pathu amene sanamvepo kuwawa kwa msana. Mlimi amene wakhala cowelama ndi khasu kuyambila m'mawa amakudziwa. Mayi wosenza cigubu ca madzi mwana ali kumsana amakudziwa. Woyendetsa basi ndi kalaliki wokhala pampando tsiku lonse nawonso amadandaula za m'ciuno. Pofunafuna thandizo, ena a ife akumana ndi dzina lacilendo lakuti chiropractic, kaya pa intaneti kaya kwa acibale okhala kunja. Ndipo akufunsa ngati njila imeneyi imathandizadi, ndiponso ngati Mkhristu angapiteko ndi mtima woyela.

Kuti tiyankhe bwino, tiyeni tione moyo wa munthu amene anaiyambitsa, Daniel David Palmer. Mbili yake ili ndi zabwino ndi zoipa pamodzi, ndipo zonse ziwili zili ndi phunzilo kwa ife.

Ubwana ndi nchito zake zoyamba

Palmer anabadwa pa 7 Malichi 1845 m'cigawo ca Ontario ku Canada, ndipo anakulila m'dela la tauni yaing'ono ya Port Perry. M'caka ca 1865, pamene nkhondo yapaciweniweni ya ku America inali kutha, iye ndi m'bale wake Thomas anawoloka malile kukafuna moyo ku United States. Anali ndi zaka 20.

Kwa zaka pafupifupi 20 zotsatila, anagwila nchito zosiyanasiyana m'zigawo za Illinois ndi Iowa. Anaphunzitsa ana m'masukulu a kumidzi, anaweta njuci, analima zipatso, ndipo pambuyo pake anatsegula golosale m'tauni ya migodi ya malasha yochedwa What Cheer. M'tauni imeneyo ndi mmene mwana wake wamwamuna, Bartlett Joshua, anabadwila mu 1882. Mwanayu anadzadziwika ndi dzina lakuti B.J., ndipo tidzakumana nayenso kutsogoloku. Amake a B.J. anamwalila mu 1884 iye akali wamng'ono. Palmer anakwatila kangapo m'moyo wake, ndipo panyumba pake sipanakhale mtendele nthawi zonse.

Palmer sanapite ku sukulu ya udokotala. Koma anali munthu wokonda kuwelenga, makamaka mabuku ofotokoza thupi la munthu. Analinso wokonda misonkhano ya anthu amene anali kunena kuti amalankhula ndi mizimu ya akufa, mcitidwe umene unali wofala ku America masiku amenewo.

Nthawi imene anakhalamo

Tiyenela kukumbukila kuti cipatala ca m'zaka za m'ma 1800 sicinali ngati ca lelo. Mankhwala opha tizilombo m'thupi, monga penicillin, kunalibe. Madokotala ambili anali kupeleka mankhwala aukali, ena okhala ndi mercury, amene nthawi zina anali kuvulaza wodwala kuposa matenda ake. Nzelu yakuti tizilombo tosaoneka ndi maso timayambitsa matenda inali yatsopano. Robert Koch wa ku Germany anapeza kacilombo ka TB mu 1882, caka cimene B.J. anabadwa.

Cifukwa ca zimenezi, anthu ambili anali kuthawa madokotala ndi kufuna njila zosagwilitsa nchito mankhwala. Ku Missouri, cigawo coyandikana ndi Iowa, Andrew Taylor Still anayambitsa njila yochedwa osteopathy, yociza mwa kugwila ndi kusuntha mafupa, ndipo anatsegula sukulu yake ku Kirksville mu 1892. Panalinso anthu amene anali kudzicha ociza ndi maginito. Iwo anali kukhulupilila kuti m'thupi la munthu muli mphamvu yokoka ngati ya maginito, imene wociza angathe kuipatsila wodwala mwa kuika kapena kuyendetsa manja pamalo powawa.

Capakati pa zaka za m'ma 1880, Palmer anasiya golosale nakhala wociza ndi maginito. Anayambila ku Burlington, kenako anasamukila ku Davenport, tauni ya m'mbali mwa mtsinje wa Mississippi m'cigawo ca Iowa. Kumeneko anapeza odwala ambili, ndipo analengeza nchito yake kwambili m'mapepala. Koma mtima wake unali kufuna cinthu cacikulu kuposa pamenepo. Anali kufuna kupeza gwelo limodzi la matenda onse.

Tsiku la Harvey Lillard

M'nyumba imene munali ofesi ya Palmer munali munthu wakuda wogwila nchito yosesa ndi kusamalila nyumbayo, dzina lake Harvey Lillard. Munthuyu sanali kumva bwino. Malinga ndi mmene Palmer anafotokozela, Lillard anakhala wogontha zaka 17, ndipo vutolo linayamba tsiku lina pamene anali kugwila nchito atawelama pamalo opanikiza, namva cinacake cikuthetheka kumsana. Palmer anati atapapasa msana wa Lillard anapeza fupa limodzi litatuluka pamzele wa anzake. Anamugoneka, nakankha fupalo mwamphamvu ndi manja, ndipo anati munthuyo anayambanso kumva. Otsatila a Palmer amakumbukila 18 Seputembala 1895 monga tsiku limene zimenezi zinacitika.

Nkhaniyi ili ndi mbali ina. Patapita zaka zambili, mwana wamkazi wa Lillard anafotokoza zimene anamva kwa atate wake. Iye anati atate wakewo anali kuuza mnzawo nthabwala pafupi ndi khomo la ofesi, ndipo Palmer ataseka anawamenya kumsana ndi buku limene linali m'manja mwake. Patapita masiku ocepa iwo anati akumvako bwino, ndipo mpamene Palmer anayamba kuyesa njila yake.

Madokotala amaonjezapo mfundo ina yofunika. Mtsempha umene umanyamula mau kucokela m'khutu kupita ku ubongo umadutsa m'kati mwa mutu, sudutsa m'msana. Conco kukankha fupa la msana sikungatsegule khutu logontha. Koma Palmer anakhulupilila ndi mtima wonse kuti wapeza cimene anali kufuna. Posapita nthawi anacitanso cimodzimodzi kwa munthu wodwala mtima, ndipo anati nayenso anapeza bwino. Pa anthu awili amenewa anamangapo ciphunzitso conse.

Dzina linacokela kwa m'busa

Mmodzi wa odwala ndi abwenzi a Palmer anali Abusa Samuel Weed a mpingo wa Presbyterian, amene anali kudziwa Cigiliki. Palmer anawapempha kuti amupezele dzina la njila yatsopanoyi. Abusawo anatenga mau awili a Cigiliki, lina lotanthauza dzanja ndi lina lotanthauza kucita, nawaphatikiza. Ndi mmene dzina lakuti chiropractic linabadwila, ndipo tanthauzo lake ndi cinthu cocitidwa ndi manja. Munthu wogwila nchitoyi amachedwa chiropractor.

Mu 1897 Palmer anatsegula sukulu ku Davenport yophunzitsa ena luso lake. Ophunzila oyamba anali owelengeka, ndipo maphunzilo anali a miyezi yocepa cabe. Mwana wake B.J. anatsiliza maphunzilo pa sukuluyo mu 1902. Sukulu imeneyi ilipo mpaka lelo, ndipo dzina lake ndi Palmer College of Chiropractic.

Zimene anaphunzitsa

Kuti timvetse ciphunzitso ca Palmer, tione pang'ono mmene Mlengi anapangila msana. Msana wa munthu wamkulu uli ndi mafupa ang'onoang'ono 24 otha kusuntha, osanjikizana kucokela m'khosi mpaka m'ciuno. M'khosi muli 7, kumbuyo kwa cifuwa kuli 12 amene nthiti zimagwilako, ndipo m'ciuno muli 5. Pansi pake pali mafupa ena ogwilana pamodzi. Pakati pa fupa ndi fupa pali kanthu kofewa kokhala ngati khushoni. M'kati mwa mafupawa mumadutsa cingwe cacikulu ca mitsempha yotumiza mauthenga pakati pa ubongo ndi thupi, ndipo mitsempha ing'onoing'ono imatulukila m'mbali, iwiliiwili, kupita ku manja, miyendo ndi ziwalo zina.

Palmer anaphunzitsa kuti fupa la msana likasuntha pang'ono pamalo pake, limasokoneza mitsempha imeneyi, ndipo ciwalo cimene mtsemphawo umapitako cimadwala. Kusuntha kumeneku anakucha subluxation. Ananena kuti matenda 95 pa 100 alionse amayamba cifukwa ca mafupa a msana osuntha, ndipo otsalawo amayamba ndi mfundo zina za mafupa. Kwa iye, nchito ya wociza inali imodzi yokha, kupeza fupalo ndi kulibwezela pamalo pake. Cifukwa ca maganizo amenewa, sanaone tizilombo monga gwelo lenileni la matenda, ndipo anatsutsa katemela.

Panalinso mbali yauzimu. Palmer anaphunzitsa kuti m'munthu aliyense muli mphamvu imene anaicha Innate Intelligence, kutanthauza nzelu yobadwa nayo. Anati nzelu imeneyi ndi gawo la nzelu yaikulu yolamulila cilengedwe conse, imene anaiyelekeza ndi Mulungu, ndipo imayenda m'thupi kudzela m'mitsempha. Kuwongola msana, kwa iye, kunali kutsegulila njila mphamvu imeneyi. Analembanso kuti mfundo za chiropractic anazilandila kwa mzimu wa dokotala wina amene anali atamwalila kale, dzina lake Jim Atkinson. Mu 1910 anatulutsa buku lalikulu lodziwika ndi dzina lakuti The Chiropractor's Adjuster, mmene anaikamo ziphunzitso zake ndi kudzudzula anzake amene anali kuona kuti akuzipotoza.

Ndende, ndi kusiyana ndi mwana wake

Pamene Palmer anali kuchuka, boma la Iowa linali kukhwimitsa malamulo okhudza anthu ociza. Mu 1906 anazengedwa mlandu wociza anthu popanda laisensi ya udokotala, ndipo khoti linamupeza wolakwa. Poyamba anakana kulipila faindi, nasankha kulowa m'ndende ya Scott County. Anakhalamo masabata ocepa, faindiyo inalipilidwa, ndipo anatuluka.

Atatuluka anapeza kuti sukulu ili m'manja mwa B.J. Atate ndi mwana anali atayamba kale kukangana pa za ndalama ndi za utsogoleli. Palmer anagulitsa gawo lake kwa mwanayo nacoka ku Davenport. Anapita ku Oklahoma, kenako ku Portland m'cigawo ca Oregon, ndipo potsiliza ku California. Kulikonse kumene anapita anayesa kutsegula sukulu, koma palibe imene inakula ngati ija anasiya. B.J. anali ndi luso la malonda ndi la kulengeza. Pansi pa iye sukulu ya ku Davenport inadzaza ndi ophunzila, ndipo mu 1910 anabweletsamo makina a X-ray. Atate wake anali kuona zonsezi ali kutali, ali ndi mkwiyo, akulemba nkhani zotsutsa mwana wawo.

Panthawi imodzimodziyo otsatila a njilayi anagawikana. Ena anati chiropractor ayenela kuwongola msana basi, osacita cina ciliconse. Ena anayamba kusakaniza ndi njila zina monga kutikita minofu, kuotha pamalo powawa ndi kulangiza za zakudya. Kugawikana kumeneku sikunathe mpaka lelo.

Ma chiropractor ambili anali kumangidwa m'zigawo zosiyanasiyana pa mlandu wofanana ndi wa Palmer. Poona zimenezi, mu 1911 iye analemba kalata yonena kuti njila yabwino yotetezela chiropractic ndi kuisandutsa cipembedzo, popeza malamulo a America amateteza ufulu wa kupembedza. Anati cipembedzo cimeneco cifunika mtsogoleli, ndipo anadziika yekha pamndandanda umodzi ndi Khristu, Muhammad, Martin Luther, Joseph Smith ndi Mary Baker Eddy. Otsatila ake ambili sanatsate ganizo limeneli. Anasankha kumenyela ufulu wao m'makhoti ndi m'nyumba za malamulo.

Imfa yake

Mu Ogasiti 1913 Palmer anabwelela ku Davenport panthawi ya cikondwelelo ca sukulu. Panali ndawala ya m'misewu, ndipo nkhalambayo inafuna kuyenda patsogolo monga mwini wake wa nchitoyo. Panabuka mkangano, ndipo ena ananena kuti galimoto imene B.J. anali kuyendetsa inagunda atate wake. Palmer anabwelela ku Los Angeles, kumene anamwalila pa 20 Okutobala 1913 ali ndi zaka 68. Adani a B.J. anamuneneza kuti ndiye anacititsa imfayo, koma a zamalamulo sanapeze cifukwa comuzengela mlandu. Cikalata ca imfa cinaonetsa kuti Palmer anafa ndi taifodi.

Taifodi tikuidziwa bwino kuno kwathu. Imayamba ndi kacilombo kamene kamalowa m'thupi kudzela m'madzi kapena cakudya coipitsidwa. Munthu amene anaphunzitsa kuti pafupifupi matenda onse amacokela ku fupa la msana anatengedwa ndi matenda amene palibe dzanja lingawacotse mwa kukankha fupa. Atate ndi mwana sanayanjane mpaka imfa inawalekanitsa. B.J. anatsogolela sukulu ija kufikila pamene nayenso anamwalila mu 1961.

Zimene zinatsatila

M'caka cimene Palmer anamwalila, cigawo ca Kansas cinakhala coyamba kupanga lamulo lovomeleza ma chiropractor. Zigawo zina zinatsatila pang'onopang'ono, ndipo cotsiliza cinali Louisiana mu 1974. Bungwe la madokotala la American Medical Association linalimbana ndi njilayi kwa zaka zambili, mpaka kuletsa mamembala ake kugwila nchito ndi ma chiropractor. Mu 1987 khoti la ku Chicago linagamula kuti kuletsa kumeneko kunali kuphwanya malamulo a mpikisano pa malonda. Cigamuloco cinali cokhudza khalidwe la bungwelo, sicinali citsimikizo cakuti ziphunzitso za Palmer ndi zoona.

Lelo chiropractic imaphunzitsidwa kwa zaka zingapo m'makoleji ndi m'mayunivesite a maiko osiyanasiyana. Kufupi ndi kwathu, ku South Africa, imaphunzitsidwa ku Durban University of Technology ndi ku University of Johannesburg. Mu 2005 bungwe la World Health Organization linatulutsa malangizo a maphunzilo oyenela ndi citetezo ca odwala pa nchito imeneyi. Ma chiropractor ambili a masiku ano anasiya nkhani za mizimu ndi za kuciza matenda onse, ndipo amaona nchito yao monga yothandiza pa zowawa za msana, khosi, minofu ndi mfundo za mafupa. Mu 2010 bungwe loyang'anila ma chiropractor ku Britain, General Chiropractic Council, linauza mamembala ake kuti palibe umboni wa kafukufuku wosonyeza kuti subluxation ndiyo imayambitsa matenda. Komabe alipo ena amene akugwilitsabe ziphunzitso zakale.

Munthu akapita kwa chiropractor wophunzila bwino, amayamba wafunsidwa mbili ya vuto lake ndi matenda ena amene ali nao. Kenako amapimidwa mmene akuimila, mmene akuwelamila ndi pamene pakuwawa. Akamugoneka pa bedi lapadela, wocizayo amaika manja pa mfundo imene yauma, naikankha mwamsanga koma pang'ono. Kawilikawili pamamveka kulila ngati kwa zala munthu akazithyola. Kulilako si fupa likubwelela pamalo pake, koma ndi mpweya wa m'madzi a mu mfundo. Ambili amaonjezapo kutikita, masewela olimbitsa thupi ndi malangizo a kanyamulidwe ka katundu. Colinga ndi kucepetsa ululu ndi kuthandiza munthu kuyenda ndi kugwilanso nchito.

Pamene imathandiza ndi pamene siingathandize

Kafukufuku wa zaka zambili waonetsa kuti kukankha mfundo za msana kumathandiza anthu ena amene akumva kuwawa m'ciuno. Thandizo lake ndi lapakatikati, lofanana ndi la njila zina monga masewela olimbitsa thupi ndi physiotherapy. Mu 2017 bungwe la madokotala la American College of Physicians linaika njilayi pakati pa njila zosagwilitsa nchito mankhwala zimene wodwala msana angayese. Apa ndi pamene panali coonadi m'nchito ya Palmer. Koma palibe umboni wodalilika wakuti imaciza kugontha, mphumu, BP, shuga, kusabeleka, khunyu kapena matenda oyamba ndi tizilombo.

Ngozi ziliponso. Anthu ambili amamva kuwawa kapena kuuma kwa tsiku limodzi kapena awili pambuyo pa cithandizo, ndipo kumatha kokha. Koma kupotoza khosi mwamphamvu kwagwilizanitsidwa, ngakhale kuti ndi mwa apo ndi apo, ndi kung'ambika kwa mtsempha wa magazi wopita ku ubongo, zimene zingabweletse stroke. Munthu amene mafupa ake ndi ofooka cifukwa ca ukalamba, amene ali ndi fupa lothyoka, khansa ya m'mafupa kapena matenda a tizilombo m'msana sayenela kukankhidwa msana.

Mfundo yotsilizayi ndi yofunika kwambili kwa ife, cifukwa TB ndi yofala m'dziko lathu, ndipo siigwila mapapo okha. Imathanso kudya mafupa a msana. Munthu wotele amafunika mankhwala a TB a kucipatala kwa miyezi yambili, ndipo kukankha msana wake kungamupuwalitse. Conco ngati msana ukuwawa pamodzi ndi kutentha thupi, kutuluka thukuta usiku kapena kuonda, pitani kucipatala coyamba. Citani cimodzimodzi ngati miyendo yafooka kapena yacita dzanzi, ngati mkodzo kapena cimbudzi cikutuluka cokha kapena cikukana kutuluka, ngati munagwa kapena kucita ngozi, ndiponso ngati pamsana patuluka linunda. Zizindikilo zimenezi sizifuna kudikila.

Kuwawa kwa m'ciuno kopanda zizindikilo zimenezi nthawi zambili kumacepa pakapita masabata ocepa, makamaka ngati munthu akuyendayenda m'malo mogona tsiku lonse. Zipatala zathu zazikulu zili ndi anthu a physiotherapy amene anaphunzila kuthandiza pa mavuto otele.

Phunzilo kwa Mkhristu

Palmer anali munthu wakhama, ndipo anakhala pakati pa odwala panthawi imene madokotala analibe zambili zowapatsa. Anaona kuti kugwila wodwala ndi manja ndi kumumvetsela kumabweletsa mpumulo. Uthenga Wabwino wa Luka, amene mwini wake anali dokotala, umasimba pa mutu 13 za mayi amene anakhala wopindika msana zaka 18, ndipo Ambuye Yesu anamuona, namuitana, namuika manja, ndipo anawongoka. Kumeneko kunali kuciza kwa mphamvu ya Mulungu, kosafanana ndi luso la munthu aliyense. Koma nkhaniyo imationetsa kuti Ambuye samapeputsa msana wowawa, ndipo ifenso tisaupeputse.

Colakwa ca Palmer cinali kutenga kanthu kakang'ono koona ndi kukakuza mpaka kukhala yankho la zonse. Kucokela pa odwala awili anafika pa matenda onse, ndipo kucokela pa matenda onse anafika pa kudziyelekeza ndi Khristu. Pa nkhani ya mizimu ya akufa, Malemba sazengeleza. Deuteronomo 18 ndi Yesaya 8 amaletsa anthu a Mulungu kufunsila nzelu kwa akufa. Mtumwi Yohane, m'kalata yake yoyamba mutu 4, amaticenjeza kuti si mzimu uliwonse woyenela kuukhulupilila, ndipo Paulo pa 1 Atesalonika 5 amatilangiza kupima zinthu zonse ndi kusunga zokhazo zimene zili zabwino.

Kupima kumeneku ndi kumene tifunika kucita pano. Kukankha mfundo ya msana ndi manja ndi nchito ya thupi, monga kumanga fupa lothyoka kapena kuzula dzino. Mkhristu amene wapita kwa chiropractor wophunzila cifukwa ca msana wowawa sanapembedze mzimu uliwonse, ndipo tisamuweluze. Wina amene cikumbumtima cake sicimulola cifukwa ca ciyambi ca njilayi nayenso tisamuseke, pakuti thandizo lofanana angalipeze kwa a physiotherapy.

Koma amene asankha kupita apite maso ali otseguka. Afunse kumene wocizayo anaphunzila, ndiponso ngati analembetsa ku bungwe la boma loyang'anila anchito a zaumoyo. Amuuze matenda onse amene ali nao ndi mankhwala amene akumwa. Akamva kuti njila imodzi imeneyi imaciza matenda onse, akauzidwa kusiya ma ARV, mankhwala a BP, a shuga kapena a TB, akalangizidwa kuti ana asalandile katemela, kapena akapemphedwa kulipililatu ndalama za miyezi yambili, atenge cikwama cake acoke. Ndipo ngati papita masabata angapo popanda kusintha, abwelele kucipatala akapimidwenso.

Muyeso womwewu ndi woyenela kwa aliyense wobwela ndi botolo limodzi, makina amodzi kapena mafuta amodzi amene akuti athetsa matenda alionse, ngakhale atabwela atanyamula Baibulo. Marko 5 imatikumbutsa za mayi amene anataya cuma cake conse pofuna kucila, matenda ake nangokulilakulila. M'mipingo mwathu muli anthu otele, ndipo ambili amavutika mwakacetecete. Akulu a mpingo, a cigwilizano ca amayi ndi acinyamata, poyendela odwala tiziwafunsa kumene akulandila thandizo, tiziwapelekeza kucipatala pamene pafunika, ndi kupemphela nao. Ambuye atipatse nzelu yosamalila matupi amene anatipatsa.